Ulendo wa galimoto yogonamo ku Denmark, Sweden ndi Norway: tiyankha makalata anu

Muulutsi: Sabata yatha tinangokhudza pang'ono nkhani ya magalimoto ogonamo, aja kuno ku Ulaya amati motorhome, koma makalata abwera mulu. Lero ndili ndi bambo amene ayendetsa magalimoto a katundu zaka zambiri m'misewu ya kumpoto kwa Ulaya, ndipo anayendanso komweko ndi banja lawo pa galimoto yogonamo. Takulandirani, bambo.

Katswiri: Zikomo kwambiri, mayi. Tiyeni tiwamve.

Muulutsi: Yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Leeds. Akuti: "Ndili ndi tchuthi cha masabata atatu. Ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri tikufuna kuona Denmark, Sweden, Norway mpaka ku Nordkapp, pobwerera tidzere ku Finland. Tisunge ndalama zingati?"

Katswiri: Bambo, ndisanatchule ndalama ndikupempheni kuti mufupikitse ulendowo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mapu amanyenga. Kuchoka ku Oslo kukafika ku Nordkapp ndi makilomita pafupifupi 2,000, kuposa mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Johannesburg, ndipo pamenepo simunawerengere kuchoka ku Leeds kukafika ku Oslo, komanso kubwerera. Msewunso si wothamangamo. Kunja kwa matauni a ku Norway malire a liwiro nthawi zambiri ndi makilomita 80 pa ola, koma m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja zija zolowa pakati pa mapiri, zimene amati fjord, galimoto yogonamo imakwawa. Tengani msewu wa E39, wochoka ku Kristiansand kukafika ku Trondheim. Ndi makilomita pafupifupi 1,100 okha, koma umadya maola 21 ndipo muwoloka pa pantoni kasanu ndi kawiri. Mukaumirira Nordkapp pa masabata atatu, ana anu adzaona Norway pa windo basi, inu mudzabwerera msana uli wowawa.

Ndalamazo zimatsata makilomita. Tengani kope, mulembe mtunda wonse. Tiyerekeze kuti wakwana makilomita 4,000 ndipo galimoto yanu imamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Amenewo ndi malita 400 a dizilo. Onani mtengo wa lita pa intaneti tsiku limene mukulemba bajetiyo, muchulukitse. Mukawonjeza Nordkapp, malita aja angowirikiza. Pansi pake lembani sitima zapamadzi, milatho ndi matologeti, kenako malo ogona usiku uliwonse, kenako chakudya. Mukaphatikiza, ikani pambali gawo lina losakhudza, ine ndimaika limodzi mwa magawo asanu, chifukwa tayala limaphulika osakuuzani. Dziwaninso kuti mayiko atatuwa sagwiritsa ntchito euro. Denmark ili ndi krone yake, Norway krone yakenso, Sweden krona. Musavutike kusintha ndalama zambiri zamapepala, khadi imagwira ntchito ngakhale pogula khofi, ndipo ku Sweden malo ambiri salandira n'komwe ndalama zapamanja. Funsani banki yanu kuti imadula zingati mukalipira ndi khadi kunja.

Ine ndikanakhala inu, ndikanadzera ku Denmark, kuwoloka kukalowa kummwera kwa Norway, kukhala masiku khumi m'dera la Bergen ndi Sognefjord, n'kubwerera kudzera ku Göteborg ndi Copenhagen. Mayiko atatu mwawaona, ndipo mwatsikamo m'galimoto.

Muulutsi: Mayi ena a ku Nottingham akufunsa kuti: "Tipite ndi galimoto yochokera kuno ku Britain, kapena tikwere ndege tikabwereke komweko? Nanga sitima yopita ku Norway timakwerera kuti?"

Katswiri: Mayi, sitima ya anthu yochoka ku Britain kupita ku Scandinavia kulibenso. Ya Newcastle kupita ku Bergen inasiya mu 2008, ya Harwich kupita ku Esbjerg inasiya mu 2014. Masiku ano muwoloka kaye kupita ku Netherlands kapena ku France: Newcastle kupita ku IJmuiden, Hull kupita ku Rotterdam, Harwich kupita ku Hook of Holland, kapena Dover kupita ku Calais. Kenako mudutsa Germany mpaka kumpoto kwa Denmark, pa doko la Hirtshals, pomwe pali sitima za Color Line ndi Fjord Line zopita ku Kristiansand, Larvik, Stavanger ndi Bergen. Mukafuna kulowera ku Sweden, pali mlatho wa Øresund, wotsegulidwa mu 2000, wolumikiza Copenhagen ndi Malmö, ndipo ndi wolipira. Wa Storebælt, pakati pa zilumba za Denmark, nawonso ndi wolipira. Ulendo umenewu wokha, kupita ndi kubwera, muuwerengere masiku anayi kapena asanu. Ngati tchuthi chanu ndi masabata awiri, kwerani ndege mukabwereke komweko. Ngati ndi mwezi, kupita ndi yanu kumapindulitsa.

Pobwereka, musayang'ane mtengo wa pa tsiku wokha. Funsani za chikole, chimene amachigwira pa khadi yanu mpaka mutabweza galimoto. Funsani ngati makilomita ali ndi malire, ngati zofunda ndi mapoto zili mu mtengo womwewo, ndiponso kuti inshulansi ikusiyirani zingati zolipira nokha mukagunda. Kutenga galimoto ku Oslo n'kukaisiya ku Tromsø kuli ndi mtengo wakewake, wowawa.

Chimene ambiri sachidziwa ndi ichi: ku Norway pantoni amalipiritsa potengera kutalika kwa galimoto. Mamita 6 ndiwo malire oyamba. Mukapyola, mtengo ukwera, ndipo uzikwerabe galimoto ikamatalika. Chitsulo chonyamulira njinga kumbuyo chimawerengedwanso. Pa milatho ikuluikulu ija ya ku Denmark kutalika kumalowanso m'mtengo. Banja la anthu awiri kapena atatu lisankhe yosapyola mamita 6. Idzakuthandizaninso pa misewu yopapatiza ngati Trollstigen, yomwe ili ndi makona akuthwa 11, komwe mukakumana ndi basi wina amayenera kubwerera m'mbuyo.

Muulutsi: Nanga matologeti, bambo? Ambirife tikudziwa a ku Chingeni, oima n'kupereka ndalama pa windo.

Katswiri: Ku Norway simuima. Kamera imajambula nambala ya galimoto, bilu idzakupezani kunyumba. Njirayi amaitcha AutoPASS. Wa galimoto yakunja alembetse pa Epass24 asananyamuke, n'kuikapo khadi, kuti bilu isadzasochere n'kubala chindapusa. Ku Stockholm ndi ku Göteborg kuli msonkho wolowera mu mzinda masiku a ntchito, ndipo alendo nawonso amalipira. Ngati galimoto ndi yobwereka, kampani idzakudulani pambuyo pake, nthawi zina n'kuwonjezapo kake. Koma si zonse zolipira. Msewu wobooleza phiri wa Lærdal, wa makilomita 24.5, mumadutsa ulere.

Muulutsi: Kalata iyi ndi ya mnyamata amene akuphunzira ku Glasgow. Akuti: "Ndili ndi pasipoti ya Malawi ndi chilolezo chokhala ku Britain. Kodi chimenechi chikwanira?"

Katswiri: Ayi, achimwene, sichikwanira, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ena abwezedwa pa doko atalipira kale zonse. Chilolezo cha ku Britain si chiphaso cholowera m'mayiko atatuwa. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena Mozambique afunika viza ya Schengen. Ubwino wake, viza imodziyo ikwanira mayiko onse atatu, pakuti Norway, ngakhale sili mu European Union, ili mu Schengen. Mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Kuyambira mu June 2024 mtengo wake ndi ma euro 90 kwa wamkulu, ndipo amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000. Mukhoza kupempha kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ndiye musadikire mwezi wa May pamene aliyense akuthamangira komweko. Popeza simukagona mu hotela, tengani pepala lobwerekera galimoto ndi ndondomeko ya ulendo yosonyeza kumene muzikagona. A pasipoti ya Britain safuna viza, koma asapyole masiku 90 pa masiku 180 alionse.

Za laisensi: yamagalimoto ang'onoang'ono, ya gulu B, imalola galimoto yosapyola makilogalamu 3,500, ndipo kulemera kumeneko kukuphatikiza inu, katundu ndi madzi a mu thanki. Malita 100 a madzi ndi makilogalamu 100. Ngati laisensi yanu ndi ya kumudzi, lemberani kampani yobwereketsa ikuyankheni musanalipire, ndipo mutengenso laisensi ya mayiko onse. Kumeneko amayendera kumanja kwa msewu. Sweden inkayendera kumanzere ngati ife mpaka pa 3 September 1967. Magetsi akutsogolo amayaka usana ndi usiku.

Muulutsi: Agogo ena a ku Luton alemba motere: "Mdzukulu wanga akuti ku Sweden ndi ku Norway munthu amagona paliponse ulere. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ndiye kuti za malo ogona tichotse pa bajeti."

Katswiri: Agogo, mdzukulu wanu wamva mbali imodzi. Ufulu umenewo ulipodi. Ku Sweden amati allemansrätten, ku Norway allemannsretten, ndipo ku Norway unalembedwa m'lamulo mu 1957. Munthu akhoza kuyenda m'nkhalango ya mwini, kuthyola zipatso zakutchire, ndipo ku Norway akhoza kukhoma tenti masiku awiri bola atalikire mamita 150 kuchoka pa nyumba ya anthu. Ndi chinthu chokongola, ndipo ine ndimachilemekeza kwambiri. Koma ufuluwu ndi wa woyenda pansi, wa njinga, wa bwato. Si wa galimoto. Kulowetsa galimoto m'tchire kapena m'dambo n'kulakwira lamulo. Chimene mungachite ndi kuima pa malo oimikapo magalimoto m'mbali mwa msewu, ngati palibe chikwangwani choletsa. Ku Denmark n'kovuta kuposa apo: kupuma mukatopa amalola, koma kutulutsa mipando n'kuyamba kuphika panja, ayi.

Ndilankhule zimene zimandipweteka mtima. Ku Lofoten ndi malo ena otchuka zikwangwani zoletsa zikuchuluka chifukwa cha alendo amene amatsekereza njira za eni mudzi, ena mpaka kutaya za m'chimbudzi cha m'galimoto m'tchire. Malo otayirako alipo, ku Norway amalemba kuti tømmestasjon. Tikakhala kwa eni tisasiye fungo. Pa bajeti, agogo, werengerani kuti mwina usiku umodzi mwa awiri kapena atatu mulipira pa kampu, kuti musambe bwino, muchape, mudzaze madzi ndi kutchaja mabatire. Pakati pa kampu ndi ulere pali malo otsika mtengo a magalimoto ogonamo okha. Ku Sweden yang'anani mawu akuti ställplats, kawirikawiri pa madoko a maboti.

Muulutsi: Iyi yandisangalatsa. Mayi a ku Coventry akuti: "Amuna anga sagona osadya nsima. Titenge chiyani, tisiye chiyani?"

Katswiri: Ufa tengani, mayi, ndi mthiko womwe. Ife tinaphika nsima m'mbali mwa fjord, ndiwo zake nsomba zimene ana anawedza okha, pakuti ku Norway kuwedza ndi mbedza m'nyanja yamchere n'kwaulere. M'mitsinje ndi m'nyanja za madzi opanda mchere ndiye pamafunika chilolezo. Kuphika nokha ndiko kumapulumutsa bajeti, chifukwa kudya mu lesitilanti ku Norway anthu anayi kungathe ndalama ya chakudya cha masiku angapo. Koma nyama, mkaka ndi tchizi zochokera ku Britain musatenge, siziloledwa kulowa mu European Union kuyambira mu 2021. Mukagule ku Germany kapena ku Sweden. Anthu a ku Norway eni ake amawoloka malire kukagula nyama ku Strömstad. Polowa mu Norway, mbatata ya kachewere ndi yoletsedwa. Mukakhala mkati, masitolo otsikirako mtengo ndi Kiwi ndi Rema 1000, ku Sweden ndi Willys ndi Lidl. Lamulungu masitolo akuluakulu ambiri a ku Norway amatseka, ndiye gulani Loweruka. Madzi a pa mpopi ndi abwino kumwa. Mabotolo ndi zitini musataye, bwezani pa makina a mu sitolo, akupatsani ndalama imene amati pant.

Samalani ndi gasi. Silinda ya ku Britain simungasinthitse kumeneko, ndipo pakamwa pake n'posiyana ndi za kumeneko. Nsima imadya gasi, ndiye nyamukani ndi ziwiri zodzaza.

Muulutsi: Nthawi yatsala pang'ono. Funso lomaliza lachokera kwa bambo a ku Cardiff: "Mwezi wabwino ndi uti?"

Katswiri: Kuyambira pakati pa June mpaka kumayambiriro kwa September. Misewu ina ya m'mapiri imakhala yotsekedwa ndi chipale mpaka kumapeto kwa May kapena kupyola apo. July ndiye mwezi wa tchuthi wa eni dziko, makampu amadzaza ndipo magalimoto obwereka amakwera mtengo, choncho amene alibe ana a sukulu asankhe June kapena kumapeto kwa August. M'mwezi wa June kunja sikuda kwenikweni, tengani nsalu zophimba mawindo kuti ana agone. Kumpoto kwa Sweden udzudzu ndi wochuluka mu July. Ulibe malungo, koma umaluma zedi. Madzulo ndi m'bandakucha chepetsani liwiro, chifukwa chinyama chija amati elg, chachitali kuposa ng'ombe, chimangotulukira m'nkhalango. Ndipo woyendetsa asalawe mowa ngakhale pang'ono. Ku Norway ndi ku Sweden malire a mowa m'magazi ndi 0.2, pamene ku England ndi 0.8. Pakagwa ngozi, imbani 112.

Muulutsi: Makalata otsala, makamaka aja ofunsa za kupita nthawi yachisanu kukaona kuwala kwa kumwamba ku Tromsø, tiwawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.