Bondo likavulala: mmene mungayambire ntchito yoyendetsa thiraki

Kwa Msakambewa ku Dowa munthu akavulala bondo amataya zambiri nthawi imodzi. Minda ili m'zitunda, kupalira ndi kubandira kumafuna miyendo yolimba, ndipo kabaza wa njinga yakapalasa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sangatheke ndi mwendo wopweteka. Choncho mnyamata amene anagwa pa njinga yamoto kapena kuvulala pa mpira, akaona malole atasenza mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, amaganiza kuti ntchito yomuyenera ndi imeneyo poti ndi yokhala pampando. Ganizoli lili ndi nzeru ndithu, koma ambiri amalakwitsa poyambira. Amathamangira kusaka ndalama za laisensi, chonsecho chofunika kuyamba nacho ndi bondolo.

Yambirani ku chipatala cha boma ku Dowa, mukapemphe kuonana ndi wa mafupa. Dziko lathu lakhala likuphunzitsa ma clinical officer a mafupa kuyambira 1985, ndipo ndi iwo amene amagwira ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Vuto likakula amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Musangonena kuti bondo likupweteka. Auzeni ntchito imene mukufuna, chifukwa bondo lokwanira kuyendera pamudzi silofanana ndi bondo lokwanira kuimitsa matani makumi atatu. Dziwaninso kuti X-ray imaonetsa fupa, siionetsa bwino mitsempha yomanga bondo, kotero ngati bondo limagwedera kapena kutsekeka mwadzidzidzi, nenani ngakhale chithunzi chitaoneka chabwino.

Mwendo umene unavulala ndiwo ukuuzeni njira. Wamanzere umaponda kilatchi, ndipo pa mzere wa pachipata cha Dedza, Mwanza kapena Songwe, pomwe thiraki imasuntha pang'onopang'ono kwa maola ambiri, muponda kilatchiyo kosawerengeka. Wamanja ndi wa buleki ndi moto, ndipo apa nkhani ndi ya moyo wa anthu: mwana akadumphira mumsewu pa Mponela tsiku la msika, phazi liyenera kuchoka pa moto n'kufika pa buleki mosazengereza. Bondo lamanzere lofooka lili ndi pothawira, pakuti mathiraki ambiri atsopano a Volvo, Scania ndi Mercedes-Benz amasintha okha magiya. Lamanja lilibe pothawira. Ngati likuchedwa kapena kuchita dzanzi, dikirani, chitani mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu mpaka a chipatala atavomereza.

Ena anganene kuti zonsezi n'kukokomeza, dalaivala amangokhala basi. Wonena choncho sanaonetsetse tsiku la dalaivala. Amakwera ndi kutsika masitepe aatali a kutsogolo kangapo pa tsiku, amakwera pamwamba pa katundu kukafunda tenti ndi kukoka zingwe, amanjuta poona matayala, ndipo tayala likaphulika kutchire amalimbana nalo yekha kapena ndi womuthandiza mmodzi. Kukhalako nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa bondo lopindika maola anayi limauma ndi kutupa. Musanalipire ndalama iliyonse, dziyeseni: kwerani makwerero n'kutsika kakhumi, njutani n'kudzuka osagwira kanthu, khalani pampando maola awiri kenako muyende. Bondo likatupa mawa lake, nthawi sinakwane, ndipo kudziwa zimenezi pano n'kotchipa kusiyana ndi kudziwira ku Beira.

Bondo likalola, pitani ku Road Traffic ku Lilongwe, ndipo phunzirani pa sukulu yovomerezeka. Laisensi ya B ndi ya galimoto zazing'ono, C1 ndi ya malole apakati osapitirira makilogalamu 16,000, C ndi ya olemera kuposa apo, ndipo EC ndi ya thiraki yokoka ngolo. Woyendetsa monga ntchito amafunikanso kukhala ndi chilolezo cha PrDP, chomwe chimafuna kuyezedwa kuchipatala ndipo chili ndi magulu a katundu, a anthu ndi a katundu woopsa ngati mafuta. Alipo adobadoba amene angakuuzeni kuti atha kukudutsitsani osayezedwa, ndipo munthu wosowa ndalama zoyendera kawirikawiri ku Lilongwe amakopeka. Koma kwa inu kuyezedwako ndi chitetezo. Pepala logula silisintha bondo, ndipo ngozi ikachitika mlandu umagwera amene anali pa chiwongolero.

Ntchito yoyamba ikhale ya pafupi. Lole ya C1 yonyamula soya, chimanga kapena fodya pakati pa Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe imakupatsani mpata woona mmene bondo likuyankhira muli kufupi ndi kwanu komanso chipatala. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi maulendo a Dar es Salaam kapena Durban, zimenezo n'zoona, koma maulendo aataliwo amatenga masabata, kugona m'galimoto, kopanda wokusinthani.

Funso lovuta ndi lakuti bwana auzidwe kapena ayi. Mantha ndi omveka, ofuna ntchito ndi ambiri. Komabe wobisa amapatsidwa galimoto ya kilatchi yolimba ndi katundu wofuna kukwera pamwamba, ndiye bondo limamuulula lokha pakatha mwezi. Wobwera ndi kalata ya chipatala amatha kupempha thiraki yosintha yokha magiya kapena ngolo ya kontena yosafuna tenti. Mukayamba, tsikani chambuyo mutagwira zogwirira ndi manja onse awiri, osadumpha. Sunthani mpando kuti bondo lisapindike kwambiri. Imani pakatha maola awiri muwongole miyendo. Mankhwala opha ululu monga tramadol amagonetsa, ndipo tsiku limene simungathe kuyendetsa popanda iwo, makiyi apatseni wina.