PHUNZIRO LA ZA UMOYO: CAKUMWA COTHETHEKA CA MANDIMU NDI MALALANJE

Kuyambira mu Seputembala kufikira mvula itagwa mu Novembala, dzuwa limaomba kwambiri m'Cigawo ca Kum'mawa, makamaka kucigwa ca Luangwa. Nyengo yomweyi ndiyo ya maukwati, zinamwali, misonkhano ya machalichi ndiponso cikondwerero ca ufulu wa dziko pa 24 Okutobala. Anthu akasonkhana padzuwa lotere, coyamba kupempha ndi cakumwa.

Mabanja ena amatha ndalama zambiri pogula makireti a zakumwa za m'mabotolo. Ena amasungunula zakumwa za utoto m'cidebe ndi madzi osadziwika kumene atungidwa, ndipo m'mawa mwake alendo amayamba kutsegula m'mimba. Phunziro ili lifotokoza mmene banja lingakonzere cakumwa cothetheka ca mandimu ndi malalanje cokwanira anthu 20, pa mtengo wocepa ndiponso mosaika alendo pangozi.

UBWINO WA ZIPATSOZI

Mandimu, malalanje ndi manacesi ali ndi vitamini C wambiri. Vitamini ameneyu amathandiza kuti zilonda zipole msanga ndi kuti nkhama zikhale zolimba. Thupi la munthu silipanga lokha vitamini C, ndiye cifukwa cake afunika kudyedwa kawirikawiri. Akasowa kwa miyezi ingapo, munthu amafooka, nkhama zimatupa ndi kucuca magazi, ndipo mano amayamba kugwedera. M'caka ca 1747 dokotala wa pa sitima ya pamadzi, James Lind, anayesa mankhwala osiyanasiyana pa amalinyero 12 odwala nthenda imeneyi. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anacira msanga.

Mabungwe a WHO ndi FAO amati munthu wamkulu afunika mamiligalamu 45 a vitamini C pa tsiku. Lalanje limodzi lokula bwino limapitirira muyeso umenewu. Ubwino wina ndi wakuti vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba, nsawawa, cibwabwa ndi ndiwo zina zamasamba. Conco mayi wapakati kapena mwana wocepa magazi amapindula kwambiri akamwa cakumwa cotere pa nthawi ya cakudya, pamene tiyi amacepetsa ayironi wolowa m'thupi.

MADZI NDIWO MUTU WA NKHANI

Gawo lalikulu la cakumwa ici ndi madzi. Madziwo akakhala oipa, cidebe cimodzi cikhoza kudwalitsa ukwati wonse. Dziko la Zambia liidziwa bwino kolera. Mliri umene unayamba mu Lusaka mu Okutobala 2023 unafalikira m'zigawo zonse 10. Anthu oposa 20,000 anadwala, pafupifupi 700 anamwalira, masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024, ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ogonekapo odwala.

Pali njira ziwiri zokonzera madzi. Yoyamba ndi kuwawiritsa kufikira atabwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka kuwavundikira kuti azizire. Yaciwiri ndi kuthiramo klorini motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, kukhuchumula, ndi kuyembekezera mphindi 30. Madzi amatope ayambe asefedwa pa nsalu yoyera.

Wokonza cakumwa akumbukire kuti vitamini C amapha mphamvu ya klorini. Munthu akathira madzi a zipatso mphindi 30 zisanakwane, klorini amatha asanamalize nchito yake. Klorini ayambe, zipatso zitsatire pambuyo.

Anthu ena amakhulupirira kuti ndimu limayeretsa madzi. N'zoona kuti kuwawasa kwa ndimu kumafooketsa tizilombo tina, koma sikupha tonse, ndipo m'cidebe ca madzi ambiri mphamvu yake imacepa. Ayisi nayenso sapha tizilombo ta kolera. Ayisi wopangidwa ndi madzi oipa amaipitsa cakumwa cabwino.

ZOFUNIKA PA MAKAPU 20

Malalanje 10 okupsa bwino
Mandimu 6
Kapu imodzi ya shuga, ndiye kuti magalamu 200
Kapu imodzi ya madzi ophikira shuga
Malita 3 ndi theka a soda water wogula m'sitolo, kapena a madzi owiritsa ozizira
Mpeni, sefa, mpoto ndi cidebe ca civundikiro

Malalanje amaculuka ndi kutsika mtengo kuyambira mu Meyi kufikira mu Ogasiti. Akasowa m'nyengo yotentha, mandimu okha 12 akwanira, koma cakumwaco cidzakhala cowawasa ndipo vitamini C adzacepako. Banja lokhala ndi firiji likhoza kufinya malalanje pa nthawi imene aculuka ndi kuumitsa madzi ake m'zigubu zoyera.

KAKONZEDWE

1. Wokonza asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othiriridwa, osati a m'beseni losambamo anthu onse. Munthu wotsegula m'mimba kapena wokhala ndi cilonda kudzanja asagwire nchitoyi.

2. Zipatso zitsukidwe ndi madzi okonzedwa zisanadulidwe, popeza mpeni umatenga dothi la pakhungu ndi kulilowetsa m'kati.

3. Shuga aphikidwe m'kapu imodzi ya madzi kufikira atasungunuka. Wofuna fungo labwino aikemo makoko opyapyala a ndimu limodzi, opanda coyera ca m'kati cimene cimawawa, kapena kacidutswa ka jinja. Mpoto uphulidwe ndipo madziwo azizire.

4. Cipatso ciriconse cikunkhunizidwe pa thebulo ndi cikhatho kuti cifewe, cidulidwe pakati, ndi kufinyiridwa pa sefa. Malalanje 10 ndi mandimu 6 amatulutsa pafupifupi lita imodzi.

5. Madzi a zipatso asakanizidwe ndi madzi a shuga atazizira. Madzi a zipatso asawiritsidwe, cifukwa moto umaononga vitamini C.

6. Soda water athiridwe alendo atafika kale, pang'onopang'ono cam'mbali mwa cidebe, ndi kutakasa kamodzi kokha. Kutakasa kwambiri kumathetsa mpweya.

Kapu imodzi ya cakumwa ici imapatsa munthu pafupifupi theka la vitamini C wofunika pa tsiku. Shuga wake ndi masupuni a tiyi atatu ndi pang'ono, pamene zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi masupuni 6 kapena kuposa m'kapu yofanana.

KUMENE KULIBE SODA WATER

Cimene cimathetheka m'zakumwa ndi mpweya wochedwa carbon dioxide. Mpweya umenewu umatulukanso pamene soda yophikira delele, imene pa paketi pake palembedwa kuti bicarbonate of soda, ikumana ndi cinthu cowawasa. Conco kumudzi cakumwa cikhoza kukonzedwa ndi madzi owiritsa, ndipo pogawa, m'kapu iriyonse muikidwe soda yapansonga ya supuni ya tiyi, yosapitirira gawo limodzi mwa magawo 8 a supuniyo. Thovu limakwera pomwepo ndipo munthu amwe nthawi yomweyo.

Pa njira imeneyi pali macenjezo anai.

Loyamba: soda ikaculuka, cakumwa cimakoma ngati sopo ndipo vitamini C amaonongeka msanga.

Laciwiri: supuni imodzi ya tiyi ya soda iri ndi sodiyamu woposa mamiligalamu 1,200, pamene WHO imati munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 pa tsiku. Odwala BP, mtima kapena impso, amayi apakati ndi ana aang'ono amwe cakumwa copanda soda.

Lacitatu: soda isathiridwe m'botolo lotseka. Mpweya umadzaza ndipo botolo likhoza kuphulika.

Lacinai ndilo lalikulu: soda yopangira sopo, yochedwa caustic soda, ndi poizoni. Imaoneka yoyera ngati inzake, koma imawaula m'kamwa ndi kum'mero kotero kuti munthu akhoza kulephera kumeza kwa moyo wake wonse. Ufa woyera wopanda dzina usagwiritsidwe nchito. Munthu akamwa caustic soda mwangozi asamusanzitse, koma athamangire naye kucipatala.

CIWIYA COYENERA

Madzi a mandimu amadya citsulo. M'ndowa ya malata amasungunula zinki, ndipo womwa amamva mseru ndi kusanza patangopita nthawi yocepa. Ziwiya zamkuwa nazonso n'zoopsa. Mpoto wa aluminiyamu ungaphikire madzi a shuga, koma usasungire cakumwa. Zoyenera ndi jagi ya galasi, cidebe ca pulasitiki cosungira zakudya zokha, mpoto wa citsulo cosacita dzimbiri, kapena wa enamelo wosasupuka.

M'midzi yolima thonje ndi fodya mumapezeka zigubu zimene munali mankhwala opopera. Cigubu cotere, ngakhale citsukidwe kangati, sicikhala ca madzi akumwa. N'cimodzimodzi ndi ca parafini kapena dizilo.

KUZIZIRITSA NDI KUGAWA

Popanda firiji, cidebe cikulungidwe ndi saka lonyowa ndi kuikidwa pamthunzi podutsa mphepo. Madzi a pa saka akamauma amacotsa kutentha. Mabotolo a soda water akhoza kumizidwa mumtsuko wa madzi kuyambira m'mawa.

Nthenda zambiri zimalowa pa nthawi yogawa. Munthu mmodzi yekha wosamba m'manja ndiye agawe, ndi cikho ca mpini wautali, kapena pa cidebe ca kampopi. Alendo asamize makapu ao m'cidebe. Aliyense akhale ndi kapu yake, ndipo makapu akacepa atsukidwe ndi sopo ndi madzi okonzedwa asanapatsidwe kwa wina. Civundikiro cibwezeredwe nthawi zonse cifukwa nchenche zimakonda zotsekemera. Pa msonkhano waukulu n'kwabwino kusakaniza cidebe cimodzi, cikatha n'kusakaniza cina. Cotsala cisagone kunja kwa firiji.

OYENERA KUSAMALA

Makanda: mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Ngakhale dzuwa litentha bwanji, mkaka wa m'mawere uli ndi madzi omukwanira.

Odwala matenda a shuga: kapu yao ipatulidwe madzi a shuga asanathiridwe, ndipo iculuke ndimu ndi madzi, popeza malalanje ali ndi shuga wao. Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira m'zakudya pamodzi ndi wa m'madzi a zipatso asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amadya pa tsiku. Kwa wamkulu amenewa ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12. Shuga wa pa thebulo m'Zambia anayamba kuikidwa vitamini A mu 1998, koma ici si cifukwa comuculutsira.

Omwa mankhwala: manyumwa amasokoneza mankhwala ena, monga nifedipine wa BP. Wofuna kuwaika m'cakumwa adziwitse alendo, ndipo wodwala ayambe wafunsa kukiliniki.

Mano: zowawasa zimafewetsa kunja kwa dzino. Munthu akamwa acukuce m'kamwa ndi madzi, ndipo adikire theka la ola asanatsuke mano. Ana asamangopsontha cakumwaci tsiku lonse.

Otsegula m'mimba: cakumwa ici si mankhwala. Shuga wake ndi woculuka, mcere wofunika mulibe, ndipo cikhoza kuonjezera kutsegulako. Wodwala apatsidwe ORS, paketi yosungunulidwa m'madzi okonzedwa pa muyeso wolembedwa pa paketipo. ORS ikasowa, m'lita imodzi ya madzi muikidwe masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya mcere. Cimbudzi cikakhala camadzi ngati otsukira mpunga, wodwala apite kukiliniki msanga, akumwa ORS m'njira, cifukwa kolera ikhoza kupha m'maola ocepa.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAKALABU A AMAYI NDI M'MAKOMITI A ZA UMOYO

1. N'cifukwa ciani madzi a zipatso sathiridwa mphindi 30 za klorini zisanakwane?
2. Kodi soda yophikira delele isiyana bwanji ndi yopangira sopo, ndipo pa nyumba zisungidwe motani?
3. Ndi ziwiya ziti za pamudzi zimene siziyenera kusungira cakumwa cowawasa?
4. Mlendo akayamba kutsegula m'mimba pa ukwati, apatsidwe ciani, ndipo apite liti kukiliniki?