Tchalitchi chogumuka pakati pa Berlin

Funso: Ndikuphunzira zojambula mapulani a nyumba, ndipo nditapita ku Berlin ndinaona tchalitchi chogumuka chili chiimire pakati pa masitolo. Bwanji sanachimangenso?
Wophunzira, Blantyre

Yankho: Mwaona bwino, achimwene. Chimenecho ndi Kaiser Wilhelm Memorial Church, chomwe mabomba anachiwononga mu Novembala 1943. Egon Eiermann atapambana mpikisano wa mapulani mu 1957, ankafuna kugwetsa bwinja lonselo. Anthu a mumzindamo anakana kwamtuwagalu. Iye anagonja, nasiya nsanja yosweka ija, namanga tchalitchi chatsopano cha mbali 8 pambali pake, chomwe anachipatula mu 1961. Makoma ake ndi magalasi abuluu a Gabriel Loire wa ku Chartres.

Ku Warsaw anasankha njira ina. Chigawo chakale cha mzindawo, chomwe Ajeremani anachisalaza mu 1944, anachimanganso potsatira, mwa zina, zithunzi za mzindawo zomwe anajambula Bernardo Bellotto. Sindiwadzudzula: adani anafuna kufafaniza mzinda wawo, ndiye kumanganso kunali kukana kufa. Koma Ajeremani ndiwo anayambitsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, choncho kubisa chilonda sikukanawayenera.

Mukadzapitanso, lowani m'tchalitchi chatsopanocho masana, muone mmene kuwala kumadutsira m'magalasi aja, ndipo mujambule ndi pensulo.