Phunziro la Mwezi Uno: Zimene Nyanja Yakutali Imauza Mlimi wa mu Lusaka

Dziko lathu la Zambia silikhudza nyanja yamchere, ndipo ambiri mwa ife sitinaionepo. Komabe mvula imene timaiyembekezera m'minda ya ku Chongwe ndi m'madimba a kuseri kwa nyumba ku Chelstone ndi Kabwata imatsatira kwambiri zochitika m'nyanja zazikulu. Phunziro lino likufotokoza mmene akatswiri amayezera nyanjazo, ndi chifukwa chake mlimi ayenera kutchera khutu.

Zimene tinaona

Mu Juni 2023, bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti nyengo ya El Niño yayamba. Apa n'kuti kudakali miyezi isanu kuti tibzale. Ambiri tinabzalabe chimanga chochedwa kucha monga mwa masiku onse. Mvula inadula mu Januwale 2024, ndipo mwezi wa Febuluwale unatha chimanga chikufota, china chitangomasula ngayaye. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, nanena kuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga awonongeka. Madzi anachepa kwambiri ku Kariba, magetsi anasowa, ndipo ngakhale eni zitsime zakuya ku Woodlands ndi Kabulonga analephera kupopa madzi othirira.

Akatswiri anadziwa bwanji?

Pa nyanja ya Pacific, mphepo imawomba kuchokera kum'mawa, n'kumakankhira madzi ofunda cha ku Indonesia. Zaka zina mphepoyi imafooka, madzi ofundawo n'kubwerera cha ku Peru. Mitambo ya mvula imatsatira madzi ofunda, motero kayendedwe ka mpweya kamasintha padziko lonse, ndipo kummwera kwa Africa kawirikawiri kumauma. Izi ndi zimene zimatchedwa El Niño.

El Niño wa 1982 mpaka 1983 anadzidzimutsa akatswiri, chifukwa panalibe zida zokwanira zoyezera nyanja. Atatengapo phunziro, anamangirira pa Pacific zipangizo zoyandama pafupifupi 70 zotchedwa TAO, ntchito imene inatha mu 1994. Cha m'ma 2000 kunayambanso ntchito ya Argo, imene lero ili ndi zipangizo pafupifupi 4,000 m'nyanja zonse. Chilichonse chimamira mpaka mamita 2,000, kenaka chimakwera chikuyeza kutentha ndi mchere wa madzi. Masiku 10 aliwonse chimatulukira pamwamba n'kutumiza zimene chapeza kudzera pa setilaiti. Pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, zimenezi zimakhala pa intaneti, ndipo aliyense angazione kwaulere.

Makompyuta akuluakulu amaphatikiza miyezoyi ndi ya mphepo, n'kuwerengera mmene nyengo ingakhalire miyezi ikubwerayo. Mvula isanayambe, akatswiri a m'mayiko a SADC amakumana pamsonkhano wa SARCOF kuti aunike zotsatirazo. Kenaka nthambi yathu yoona zanyengo, Zambia Meteorological Department, imalengeza za chigawo chilichonse pa wailesi ndi m'nyuzipepala.

Zimene uthengawu sunena

Uthenga wa zanyengo suuza mlimi tsiku limene mvula idzagwe pamunda pake. Umangonena mbali imene zinthu zapendekera: mvula yochepa, yapakati, kapena yochuluka. Si El Niño aliyense amene amabweretsa chilala, ndipo kumpoto kwa Zambia mvula ikhoza kugwa bwino pamene kuno kwauma. Koma mlimi amene wakonzekera chilala, mvula n'kugwa bwino, amataya zochepa. Amene sanakonzekere, chilala n'kubwera, amataya mbewu, feteleza ndi chakudya cha banja.

Ena amafunsa ngati kumvera zimenezi sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Tikumbukire Yosefe pa Genesis 41. Atadziwa za njala imene inkabwera, sanakhale manja lende, koma anasonkhanitsa tirigu m'zaka za zokolola zambiri. Wopatsa mvula ndi Mulungu yekha, koma ndi Iye yemweyo amene anapatsa munthu nzeru zoyezera chilengedwe chake. Mdindo wokhulupirika sanyoza chenjezo.

Zoyenera kuchita mukamva za El Niño

1. Kumbani maenje obzalamo nthawi ya chilimwe, ndipo musatenthe mapesi. Aphimbireni panthaka kuti chinyontho chisathawe.
2. Gulani mbewu ya chimanga chocha msanga, ndipo bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira.
3. Gawani munda: mbali ina ikhale ya mapira, khobwe kapena mbatata.
4. Musagulitse chimanga chonse cha chaka chatha musanaone mmene Febuluwale wathera.
5. A m'tauni, konzani migolo yotchera madzi a padenga.

Mafunso okambirana m'magulu

Kodi munamva liti za El Niño wa 2023, ndipo munasintha chiyani pamunda panu? Ndani mumpingo mwanu amene angamatsatire uthenga wa zanyengo n'kumafotokozera okalamba ndi ena opanda wailesi kapena foni? Sankhani munthuyo mwezi uno, Okutobala asanafike.