Sensa Ikakhala Chete, Yambani Mwaitana Mayina



Teremu yatha komiti inapatsa kalabu ya sayansi ndalama zogulira bolodi la Arduino Uno ndi sensa yoyeza kutentha ndi chinyezi. Tinkafuna kuiika m'chipinda chosungiramo chimanga cha ana ogonera, chifukwa chimanga chikagwira chinyezi chimachita chuku, ndipo chuku china chimasiya poizoni wosaoneka ndi maso. Ife oyang'anira kalabuyi si akatswiri a zamagetsi, tikuphunzira limodzi ndi anawo. Titalumikiza tsiku loyamba, kompyuta inangoti sensa sikupezeka. Mnyamata wina wa Fomu 3 anagamula pomwepo kuti yapsa, tigule ina. Sinapse. Tikulemba njira imene tinadutsa kuti kalabu ya chaka chamawa isadzataye chipangizo chamoyo.

Sensa yathu imalankhula ndi bolodi kudzera m'njira yotchedwa I2C, imene kampani ya Philips inakonza mu 1982. Imagwiritsa mawaya awiri okha: SDA amene amanyamula uthenga, ndi SCL amene amagunda ngati wotchi kuti mbali zonse ziyendere limodzi. Pa Uno, SDA ndi pini A4 ndipo SCL ndi A5. Pa Arduino Mega ndi 20 ndi 21. Zipangizo zambiri zikhoza kugawana mawaya awiri omwewa, ndiye chilichonse chili ndi adiresi yakeyake. Zimafanana ndi mphunzitsi woitana mayina m'mawa. Bolodi limatchula adiresi, kenako limadikira. Mwini adiresiyo akakhalapo amakokera waya wa SDA pansi kwa kanthawi kochepa, kumeneko ndiye kuyankha kuti ndilipo. Mwana akapanda kuyankha, sitithamangira kunena kuti wadwala. Mwina ali panja, mwina sanamve, mwinanso tamuitana dzina losakhala lake.

Choncho tinayamba ndi zooneka ndi maso. Mawaya ndi anayi: wa magetsi, wa GND, SDA ndi SCL. Kusinthanitsa SDA ndi SCL ndi kulakwa kofala kwambiri, ndipo sikuwononga kanthu, sensa imangokhala duu. Onetsetsaninso kuti GND ya sensa ndi ya bolodi zalumikizidwa. Pa mphamvu ya magetsi m'pofunika kusamala: Uno imayendera mavolti 5, pomwe BME280 payokha siyenera kupitirira mavolti 3.6. Timabolodi tina timabwera ndi kachipangizo kotsitsa mphamvuyi, tina ayi. Werengani zolembedwa pa kabolodiko musanayatse. Ife tinapeza kuti timiyendo ta kabolodi kathu tinangolowetsedwa m'mabowo osawotcherera. Timaoneka ngati tagwira, koma sitinagwire. Tinawotcherera.

Chachiwiri ndi chimene ana ambiri amavutika kumvetsa. Pa I2C palibe chipangizo chimene chimakankhira waya m'mwamba. Zonse zimangodziwa kukokera pansi n'kusiya. Chimene chimabwezera wayayo m'mwamba ndi rezisita yolumikiza wayayo ku magetsi, monga mphira womangidwa pachitseko umachibwezera munthu akachisiya. Kawirikawiri amaika ya ma ohm 4,700 pa SDA ndi ina pa SCL. Timabolodi tambiri ta sensa timabwera nazo kale. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani mita yoyezera magetsi pamene palibe chikulankhula, mawaya onse awiri ayenera kuonetsa mphamvu yoyandikira ya magetsi a sensa. Wina akamaonetsa ziro, pali chimene chamugwira pansi, kapena wakhudzana ndi GND. Athu anali bwino.

Apa m'pamene tinaitana mayina. Pali kapulogalamu kakafupi kotchedwa I2C scanner, kamene kamatchula maadiresi onse kuyambira 1 mpaka 126 n'kulemba pa Serial Monitor amene ayankha. Mukaona zilembo zosamveka pamenepo, musadzudzule sensa. Liwiro la Serial Monitor silikugwirizana ndi lolembedwa m'pulogalamu, monga 9600. Titayendetsa, panatuluka 0x76. Anawo anakuwa ngati chalowa chigoli. Sensa inali moyo. BME280 imatha kukhala pa 0x76 kapena 0x77 malinga ndi kumene kapini kake ka SDO kalumikizidwa, ndipo laibulale ya Adafruit imene tinkagwiritsa imayamba kufunafuna pa 0x77 ngati simunaiuze. Nthawi yonseyi tinkaitana dzina lolakwika.

Tidutsireko pang'ono kwa amene adzawonjezere zipangizo. Ziwiri zikakhala ndi adiresi imodzi zimayankha nthawi imodzi ndipo uthenga umasokonekera. Wotchi ya DS3231 ili pa 0x68, ndipo sensa ya MPU6050 imabweranso pa 0x68 pomwepo, pokhapokha mutaisunthira pa 0x69 ndi pini yake ya AD0. Komanso I2C inapangidwira zipangizo zoyandikana. Musaike bolodi mu ofesi n'kukoka mawaya aatali kukafika kosungira chimanga. Bolodi likhale pafupi ndi sensa.

Tinalemba 0x76 m'pulogalamu, tinayendetsanso, koma kompyuta inabwereza mawu omwe aja: sikupezeka. Apa anawo anafuna kuzula mawaya onse n'kuyambiranso. Tinawaletsa. Scanner inali itatsimikiza kale kuti mawaya ali bwino, ndipo munthu ukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi sudziwa chimene chachiza kapena chimene chawononga. Funso lotsala linali limodzi: amene akuyankha pa 0x76 ndani?

Masensa amenewa, opangidwa ndi Bosch, ali ndi nambala yodzidziwikitsira yosungidwa pamalo otchedwa 0xD0. BME280 imayankha 0x60. Mtsikana wina wa Fomu 4 analemba mizere ingapo yowerenga malowo, ndipo panatuluka 0x58. Imeneyo ndi nambala ya BMP280, m'bale wake wotsika mtengo, amene amayeza kutentha ndi kukankha kwa mpweya koma chinyezi sayeza. Laibulale inkakana chifukwa inkaona kuti woyankhayo si amene inamuitana. Titayang'anitsitsa ndi galasi lokulitsa tinaona kusiyana kwake: kachitsulo ka BME280 mbali zake zinayi n'zofanana, ka BMP280 n'kotalikirako mbali imodzi. Kathu kanali kotalikirako. Sitikunena kuti wogulitsa anachita dala, pakuti timabolodi tiwiriti timafanana kwambiri ndipo mwina nayenso analandira choncho. Ifenso tinalipira osayang'ana.

A komiti, nkhani ndi imeneyi. Chipangizo chikugwira ntchito ndi laibulale ya BMP280 ndipo chikulemba kutentha kwa chipindacho, koma chinyezi, chimene munatitumira, sitinayambe kuyeza. Tikupempha chilolezo chogula BME280 imodzi mvula isanayambe. Ulendo uno anawo adzapita ndi bolodi ndi laputopu, ndipo adzalipira akaona 0x60.