Kukonza bodi ya galimoto yakale: zoyenera ndi zosayenera

Mu February 2015 ku Paris, kampani ya Artcurial inagulitsa pa okushoni Ferrari 250 GT California Spider ya 1961 pa mayuro 16.3 miliyoni. Galimotoyo inapezeka m'shedi ya banja la Baillon ku France, pamwamba pake ataunjikapo magazini akale, ndipo inagulitsidwa isanaone mmisiri. Ogula magalimoto otere amalipira chitsulo chomwe anachoka nacho ku fakitale. Penti wonyezimira aliyense wandalama atha kupopetsa, koma chitsulo chija mukangochidula sichibweranso.

Choyenera: dziwani kaye mtundu wa galimoto yomwe muli nayo. Mercedes-Benz 300 SL ya zitseko zotsekukira m'mwamba ija anangopanga 1,400 basi, pakati pa 1954 ndi 1957. MGB ya ku Britain anapanga zoposa 500,000 kuyambira 1962 mpaka 1980. Yoyambayo ingabweze ndalama za mmisiri wabwino, chifukwa oifuna ndi ambiri kuposa magalimoto otsalawo.

Chosayenera: kuganiza kuti ndalama iliyonse yolowa m'bodi idzabwerera pogulitsa. Maola omwe mmisiri amathera akudula dzimbiri, kuwotcherera ndi kupala amakhala omwewo, kaya galimoto ndi yamtengo wapatali kaya ndi wamba. N'chifukwa chake pa magalimoto ngati MGB, wokonzetsa nthawi zambiri amaluza, wopindula amakhala wogula yokonzakonza. Ngati mukukonza chifukwa munkakweramo ndi malemu bambo anu, konzani ndithu, koma musaitche bizinesi.

Choyenera: penti wa ku fakitale ngati akadali wolimba, musiyeni. Mutsukeni, mumupukute pang'onopang'ono, mukonze pokhapo pomwe pagumuka. Kale pa zionetsero ankapambana ndi magalimoto okonzedwa mpaka kuposa momwe analili atsopano. Mphepo inatembenuka. Mu 2024, pa chionetsero cha Pebble Beach ku California, mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya 1934 yomwe inali ndi zipsera zake zonse, ndipo kanali koyamba kuti galimoto ya m'gulu la zosungidwa momwe zilili ipambane mphotoyi. Nalo bungwe la FIVA, loona za magalimoto akale padziko lonse, limalimbikitsa zomwezi m'chikalata chake cha Turin: kusunga kubwere patsogolo, kusintha kukhale kochepa.

Chosayenera: kutcha dzimbiri kuti ndi mbiri. Pali kuzilala kwa ukalamba, palinso kuola. Anthu amakonda kutchula Bugatti ya 1925 yomwe inavuulidwa m'nyanja ya Maggiore mu 2009 itakhala pansi pamadzi zaka zoposa 70, n'kugulidwa mayuro oposa 260,000 chaka chotsatira ili yodyeka mbali imodzi. Inde, koma inagulidwa kuti izikaonetsedwa, osati kuyenda. Yanuyo ikaola pansi popondapo kapena m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, mtengo ukutsika mwezi ndi mwezi. Zimaipiratu pa magalimoto opanda chasisi chapadera, omwe mphamvu zawo zonse zili m'bodimo. Eni Land Rover zakale zomwe timaziona kwathu kuno achenjere mwanjira ina: bodi yake ndi ya aluminiyamu ndipo sichita dzimbiri, choncho imaoneka bwino kunja pomwe chasisi ndi khoma la kuseri kwa injini, zomwe ndi zachitsulo, zikudyeka.

Choyenera: malo oola adulidwe, pawotchereredwe chitsulo chatsopano cha makulidwe ofanana ndi chakale, ndipo mudule pang'ono momwe zingathekere. Chigamba chowotcherera bwino pa chitseko choyambirira chimaposa chitseko chatsopano chogula, chomwe kawirikawiri sichikhala bwino pamalo pake mpaka mmisiri atalimbana nacho.

Chosayenera: kumata fila pabowo. Fila ndi wosalazira tizigwa ting'onoting'ono, osati womangira bodi. Womata pa dzimbiri ali ngati wopaka laimu pakhoma lomwe chiswe chadya kale m'kati: pakatha dzinja limodzi kapena awiri penti amayamba matuza. Ogula odziwa sabwera chimanjamanja. Amatenga maginito, omwe sagwira pomwe fila wachuluka, komanso kachipangizo koyezera makulidwe a penti. Akapeza malo amodzi obisidwa amakayikira galimoto yonse, ndipo amatsitsa mtengo kuposa momwe bowolo likanautsitsira likanakhala poyera. (Maginitowo sathandiza pa bodi ya aluminiyamu kapena ya fibreglass monga ya Chevrolet Corvette.)

Choyenera: ngati kupopera penti sikungapeweke, bwezerani mtundu womwe galimoto inatuluka nawo. Sizofunika kulota. Ku Gaydon ku England, British Motor Industry Heritage Trust imapereka satifiketi yochokera m'mabuku a fakitale yosonyeza mtundu wa penti ndi manambala. Jaguar ndi Porsche nawo ali ndi njira zawo zotsimikizira, ndipo Ferrari ili ndi nthambi ya Classiche.

Chosayenera: kuipaka yofiira chifukwa yofiira ndiyo imakopa maso. Wogula wosamala amayamba wachotsera pamtengo ndalama zodzaibwezera mtundu wake.

Choyenera: tetezani kachitsulo ka nambala ya chasisi ndi manambala onse odindidwa pabodi. Muuzeni mmisiri asanayambe ntchito, chifukwa chopalira sichisankha.

Chosayenera: kusintha bodi yonse mwakachetechete. Kuyambira 1988 British Motor Heritage imapanga mabodi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zakale za fakitale, ndipo imeneyi ndi njira yolemekezeka yopulumutsira galimoto yoolerathu. Koma wogula auzidwe. Kusamutsa nambala kuchoka pa galimoto ina n'kuiika pa ina mobisa ndi chinyengo, ndipo m'maiko ambiri ndi mlandu.

Choyenera: jambulani zithunzi ntchito ili m'kati, makamaka bodi ili chitsulo chokhachokha, fila ndi penti zisanapite. Sungani malisiti onse ndi dzina la galaja. Penti akangouma, umboni wokhawo woti pansi pake pali ntchito yoona ndi zithunzizo, ndipo magalimoto awiri ooneka ofanana amasiyana mtengo chifukwa cha faelo imeneyi.

Chosayenera: kuthamangira mmisiri wotchipa wolonjeza kumaliza m'masabata awiri. Wofulumira amapala bodi ndi mchenga wa mphamvu yaikulu, ndipo boneti ndi denga zimapindika n'kuchita mafunde. Mafundewo adzawakwirira ndi fila, inu mulipire, kenaka mudzalipirenso wina woti achotse.