MPANDO WA DAVIDE NDI MFUMU YOSAFA

Phunziro la mwezi uno liri pa 2 Samueli 7, ndi 2 Mafumu 11 ndi 25, ndi Luka 1. Aphunzitsi ndi akuru a mpingo ayambe awerenga macaputala awa pa okha, asanaimirire pamaso pa anthu a m'klasi.

Abale okondedwa, funso lathu ndi ili: Kodi Mulungu akalonjeza kanthu, ndipo zaka zambiri zikapita osaoneka kanthuko, tiziti waiwala? Funsoli liri m'mitima ya Akristu ambiri amene anabatizidwa kale. Wina apempherera mwana wace amene anapita ku Joni, ndipo kalata safika. Wina nthenda siicoka m'nyumba mwace. Ena a iwo atopa, naleka kufika ku Mgonero. Tiyeni tione umo Mulungu anacitira ndi nyumba ya Davide, kuti mitima yathu ikhazikike.

1. Mulungu ndiye nkhoswe ya pangano lace

Kwathu kuno pangano lalikuru silimangidwa ndi anthu awiri okha. Pa ukwati pakhala ankhoswe, wa kucimuna ndi wa kucikazi, kuti mlandu ukabuka apezeke wouyankha. Koma pamene Yehova anapangana ndi Abrahamu, panalibe wina womposa woti akhale nkhoswe yace. Pa Genesis 15 tiwerenga kuti Abrahamu anadula nyama pakati, naika mabandu ace kuno ndi uko. Mwambo wa maiko aja unali wakuti opanganawo apite pakati pa mabanduwo, ngati kunena kuti wakuswa pangano adulidwe momwemo. Koma usiku uja Abrahamu sanapitepo, pakuti tulo tatikuru tinamgwira. Moto wa Yehova wokha ndiwo unapita pakati. Ndiko kuti katundu yense wa panganolo Mulungu anasenza yekha.

Anacita cimodzimodzi ndi Davide, ngati zaka 1000 Kristu asanabadwe. Davide anafuna kumangira Yehova nyumba. Koma mneneri Natani anabwera ndi mau akuti Yehova ndiye adzamangira Davide nyumba, ndiyo mbeu ya mafumu imene mpando wace sudzatha. Mwana wa Davide akalakwa adzakwapulidwa monga atate akwapula mwana, koma sadzatayidwa monga anatayidwa Sauli. Tigwire mau awa, pakuti atiphunzitsa kuti nthyole iri m'kati mwa pangano. Atate akamenya mwana sanamkane.

2. Pamene panatsala kamwana kamodzi

Kwa Acewa ufumu ulowedwa ndi mwana wa mlongo, koma kwa Angoni ucokera kwa atate kunka kwa mwana wamwamuna. Kwa Aisrayeli kunali monga kwa Angoni. Cotero wofuna kufafaniza nyumba ya mfumu anayenera kupha ana amuna. Izi ndizo anacita Ataliya m'Yerusalemu. Mwana wace Ahaziya ataphedwa, mkaziyo anaononga ana onse acifumu, nadzitengera ufumu. Koma Yehoseba, mlongo wa mfumu, anaba kamwana Yoasi, nakabisa m'nyumba ya Yehova zaka 6. Masiku onsewo lonjezo la Davide linakhala pa moyo wa kamwana kamodzi, ndipo anthu a m'mudzi sanadziwa kuti kali ndi moyo. Yoasi atafika zaka 7, wansembe Yehoyada anamturutsa, namveka korona.

Ife a ku mapiri a Dedza nkhani yotere tiimvetsa. Mfumu Cikuse atamwalira m'caka ca 1891, Angoni a kwa Maseko anagawikana. Gomani ndi Kacindamoto anathirana nkhondo, ndipo Kacindamoto anatsikira kunyanja ku Mtakataka. M'caka ca 1896 asilikari a boma la Angerezi anagwira Gomani, namuombera pafupi ndi Dombole. Mwana wace Zitonga anali wamng'ono, ndipo woona ndi maso akadati ufumuwo watha. Koma mwanayo anakula, nakhala Inkosi Philip Gomani, ndipo mpandowo ulipo ku Lizulu kufikira lero. Ngati anthu akhoza kusungira mwana wamasiye mpando wa atate wace, kodi Mulungu adzalephera kusunga mpando umene anaulumbirira yekha?

3. Pamene mpando unagwa

Koma inafika nthawi yoopsa yoposa ya Ataliya. Nyumba ya Davide italamulira zaka ngati 400, mafumu ace anacurukitsa mafano ndi kusalungama, ndipo nthyole ija inadza. Ca m'ma 586 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya Babulo anapasula Yerusalemu, natentha Kacisi. Ku Ribila anapha ana a mfumu Zedekiya iye alikuona, namkolowola maso, namtengera ku Babulo womangidwa. Wolemba Salmo 89 alira poyera, nafunsa Yehova kumene kunapita cifundo cimene analumbirira Davide. Taonani, Mau a Mulungu sabisa kulira kotere. Mkristu wofunsa funso lomwelo m'pemphero sacimwa. Tiopa koposa za iye amene aleka kupemphera.

Komatu buku la Mafumu silithera pa phulusa. Litsiriza ndi Yehoyakini, mfumu ina ya nyumba ya Davide, amene anatengedwa ukapolo m'caka ca 597. M'caka ca 37 ca ukapolo wace, mfumu yatsopano ya Babulo, Evili-Merodaki, inamturutsa m'ndende, nimpatsa cakudya ca tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi iri ndi mboni ina. Anthu ofukula mabwinja a Babulo anapeza timagome tadothi tolembapo mafuta amene nyumba ya mfumu inali kugawira anthu ace, ndipo m'caka ca 1939 Ernst Weidner analengeza kuti pa timagometo pali dzina la Yehoyakini mfumu ya Yuda, ndi ana ace 5. Alembi a Babulo anayesa kuti alikuwerengera mafuta cabe, osadziwa kuti alikudyetsa mbeu ya lonjezo. Dzina la Yehoyakini, amene achedwanso Yekoniya, tilipeza pa Mateyu 1 pakati pa makolo a Yesu Kristu.

Kuyambira pamenepo zinapita zaka pafupifupi 600 wopanda mwana wa Davide pampando. Zerubabele anangokhala kazembe wa Aperisi, ndipo Herode, amene Aroma anamlonga ufumu, anali wa ku Idumeya. Mibadwo yambiri inabadwa ndi kufa osaona kanthu, monga munthu wobzala mtengo wa mlombwa amene sadzaceka matabwa ace.

4. Mfumu imene siisowa wolowa m'malo

Potsiriza mngelo Gabrieli anatumidwa ku Nazarete kwa namwali Mariya, wopalidwa ubwenzi ndi Yosefe wa banja la Davide, namuuza kuti mwana amene adzabala adzalandira mpando wa Davide, ndi kuti ufumu wace sudzakhala ndi mapeto. Apa tione kusiyana kwace. Ufumu wa pansi pano ukhalitsa mwa kulowana, ndipo pa kulowana pali ponse pali maliro. Inkosi Philip Gomani yemwe uja boma linamcotsa m'caka ca 1953 cifukwa ca kukana citaganya, namwalira m'caka ca 1954. Davide mwini anafa, ndipo pa tsiku la Pentekoste Petro anakumbutsa anthu kuti manda ace anali pakati pao. Yesu nayenso anaphedwa, ndi lembo pamwamba pa mutu wace lomchula Mfumu ya Ayuda; koma tsiku lacitatu anauka, ndipo sadzafanso. Cifukwa cace mpando wace sufuna mwana wobisidwa, kapena wousunga pa nthawi ya maliro. Kalata wa kwa Ahebri amchula nkhoswe ya pangano latsopano, ndipo nkhoswe imeneyi iri ndi moyo kuti itiyankhire mlandu.

Tsono, mbale iwe amene watopa ndi kulindira, Mulungu sanalonjeza kuti mwana wako adzabwera caka cino, kapena kuti nthenda idzacoka mawa. Tisamuikire mau amene sananena. Koma analonjeza kuti sadzataya iye amene ali wa Kristu, ndipo pa ubatizo wako anaika cizindikiro ca lonjezolo pa iwe. Akuru amati, kuona maso a nkhono nkudekha. Bwerera ku Mgonero, pakuti cikho cija ndico umboni wa pangano limene Iye sanaliswa. Ndipo akuru a mpingo asalindire kuti otopawo adze okha. Awalondole kumidzi kwao mwezi uno, nawerenge nao 2 Mafumu 11.

Mafunso a m'klasi: (1) Anapita pakati pa mabandu a nyama ndani, ndipo tiphunzirapo ciani? (2) Kodi kupasuka kwa Yerusalemu kunaswa pangano la Davide? (3) Ufumu wa Yesu usiyana bwanji ndi ufumu wa mafumu athu? (4) Ndani m'mudzi mwanu amene analeka kupemphera, ndipo adzamcezera ndani Sabata lino?